Kubweza ngongole yodula nthawi isanakwane pomwe m'thumba mwauma

Anthu ambiri amene ali pa ngongole yodula amadikira tsiku loti apeze ndalama yambiri kamodzi kuti akatseke yonse, nde tsikulo silibwera, mwezi ukutha wina ukuyamba iwo akungolipira zomwe anawalembera basi. Kudikirako ndi kumene kumakudyerani ndalama. Chiwongoladzanja chili ngati lendi, mumalipira chifukwa chogona ndi ndalama ya mwini, ndipo tsiku lililonse lomwe yagona kwa inu likuwerengedwa. Ndiye kandalama kochepa komwe mwabweza lero kamagwira ntchito yaikulu kuposa ndalama yomweyo mukadzabweza miyezi 8 kutsogoloku. Koma musanathamange kukaponya chilichonse chomwe muli nacho, pali zinthu zofunika kuzichita mwa ndondomeko yake, chifukwa pali ngongole zina zoti ukabweza msanga supindula kanthu, ndipo pali kabwezedwe kena koti kamakubwezera kokakongola sabata yomweyo.

Choyamba, katengeni pepala lomwe munasaina. Ndikudziwa ambiri sitiwerenga, tsiku lotenga loni mtima umakhala uli pa vuto lomwe latifikitsa pamenepo osati pa timalemba ting'onoting'ono. Ngati linasowa kapempheni kope, ngati munatengera pa foni lowani mu apu mufufuze mgwirizano wake. Chomwe mukufuna kudziwa ndi chimodzi: chiwongoladzanja akuchiwerengera pa ndalama yomwe yatsala kapena pa ndalama yonse yomwe munatenga poyamba?

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa zina zonse zatsamira pamenepa. Tiyerekeze mwatenga 100,000 yobweza miyezi 12 pa 5 peresenti pamwezi. Ngati akuwerengera pa yotsala, yomwe pa mapepala amalemba kuti reducing balance, muzilipira pafupifupi 11,283 mwezi uliwonse ndipo chiwongoladzanja chonse pakutha pa chaka chikhala cha m'ma 35,390. Mwezi woyamba pa 11,283 yanuyo 5,000 ndi chiwongoladzanja, 6,283 yokha ndi imene yachepetsa ngongole. Mwezi womaliza chiwongoladzanja chimakhala 537 basi. Ndi chifukwa chake miyezi yoyambirira umaona ngati ukulipira koma ngongole sikusuntha.

Tsopano ngati akuwerengera pa ndalama yoyambayo nthawi zonse, yomwe amati flat rate, 5 peresenti yomweyo imakhala 5,000 mwezi uliwonse mpaka kumapeto, kaya mwabweza theka kaya mwatsala ndi pang'ono, nde pachaka ndi 60,000. Onse awiri akuuzani kuti "ndi 5 peresenti", koma wina akudyerani 35,390 wina 60,000. Flat ya 5 peresenti pa miyezi 12 ikufanana ndi reducing ya 8 peresenti ndi kakanthu pamwezi.

Pa reducing balance, ngati palibe chindapusa, kubweza msanga kumapulumutsa ndalama mosakayika. Pa ngongole yomweyi mukamawonjezera 2,000 mwezi uliwonse mumaliza mwezi wa 10 m'malo mwa 12, ndipo chiwongoladzanja chimatsika ndi pafupifupi 6,700. Koma taonani izi. Mukapeza 10,000 kamodzi n'kuiponya limodzi ndi malipiro a mwezi woyamba, mwapulumutsa cha m'ma 6,800. Mukaisunga 10,000 yomweyo n'kudzaiponya mwezi wa 10, mwapulumutsa 1,000 ndi pang'ono chabe. Ndalama yake ndi yomweyo, thukuta lake ndi lomwelo, chasiyana ndi nthawi basi.

Pa flat rate zimatengera zomwe zalembedwa. Ena amati chiwongoladzanja chonse chinawerengedwa kale tsiku losaina, kaya mubweza mawa muperekabe chonse. Ngati yanu ili choncho musavutike kuthamangira, lipirani pa nthawi yake basi, ndalama yowonjezerayo ipite ku ngongole ina kapena muisunge. Ena amakubwezerani gawo lina pogwiritsa ntchito kawerengedwe kotchedwa Rule of 78. Dzinali linabwera chifukwa mukaphatikiza manambala kuyambira 1 mpaka 12 mumapeza 78, nde mwezi woyamba iwo amadzitengera magawo 12 mwa 78 a chiwongoladzanja chonse, wachiwiri 11, wachitatu 10, kumatsika choncho. Pofika mwezi wa 6 amakhala atenga kale magawo 57 mwa 78. Pa 60,000 ija ndiye kuti mukatseka ngongole pakatikati pa chaka sakuchotserani 30,000 ngati mmene munthu angaganizire, akuchotserani 16,154. Ndi ndalamabe ndithu, koma mudziwiretu kuti musadzakhumudwe pa kauntala.

Chachiwiri, funsani. Safunsa anadya phula. Imbani foni kapena pitani komweko, ndipo ngati n'kotheka yankho akupatseni pa pepala kapena pa meseji yoti mutha kuisunga. Mafunso ake ndi atatu. Kodi pali chindapusa munthu akabweza nthawi isanakwane, ndipo ndi zingati? Kodi ndikawonjezera ndalama pamwamba pa ya mwezi imapita kuti? Kodi nditafuna kutseka lero ndilipire zingati?

Chindapusa chisakuopseni musanachiwerengere. Pa chitsanzo chathu cha reducing chija, mukalipira miyezi 6 ngongole yotsala imakhala pafupifupi 57,267, pomwe mukapitiriza mpaka kumapeto mudzapereka 67,695. Kusiyana kwake ndi 10,428. Atati chindapusa ndi 3 peresenti ya yotsalayo ndiye kuti ndi 1,718, mwapulumutsabe 8,710. Koma kukatsala mwezi umodzi kapena iwiri, chindapusa chitha kufanana ndi chomwe mukufuna kupulumutsacho, pamenepo ingomalizani mmene munagwirizanirana.

Funso lachiwiri lija ndi limene anthu amapwetekera. Ine zinandichitikira: miyezi itatu ndinkawonjezera ndalama mtima uli m'malo kuti ngongole ikutsika, kupita kukatenga sitetimenti ndinapeza kuti ndalama yowonjezerayo anangoiika pambali ngati malipiro a mwezi wotsatira, chiwongoladzanja chikuwerengedwabe pa balansi yakale. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalamayo ndinaipeza movutikira. Kuyambira pamenepo ndimanena momveka kuti iyi ichotsedwe pa ngongole yeniyeniyo, yomwe pa fomu amalemba principal, osati kulipiriratu mwezi wamawa. Dziwaninso kuti obwereketsa ambiri ndalama ikalowa amayamba achotsa zindapusa, kenako chiwongoladzanja chomwe chakwana, zotsalazo ndiye zimapita ku ngongole yeniyeni. Ngati muli ndi mwezi womwe munaphonya, yowonjezera yanu iyamba yatseka dzenje limenelo.

Ena akalandira yowonjezera amakufunsani kuti tichepetse ya pamwezi kapena tichepetse miyezi? Ngati mukukwanitsa ya pamweziyo nenani kuti achepetse miyezi, ndi kumene kuli phindu lalikulu. Ngati ya pamweziyo ndi imene ikukutsamwitsani, kuichepetsa si kulakwa, bola musaphonye.

Chachitatu, ndipo ichi anthu amanditsutsa koma sindisintha maganizo: musaponye zonse. Siyani kandalama pambali, ngakhale kokwana sabata imodzi kapena ziwiri ya zofunika za pakhomo. Pa masamu okha zikuoneka ngati kutaya, chifukwa kandalamako kakugona pomwe ngongole ikubereka 5 peresenti. Koma taganizani mwana akadwala usiku kapena chipangizo chomwe mumagwirira ntchito chikafa inu mulibe ngakhale kobiri, mupita kuti? Mupita kwa wobwereketsa wa changu amene chiwongoladzanja chake n'choposa chomwe mukuthawacho. Munthu wobweza 10,000 lero n'kukatenga 10,000 ya katapila Lachisanu wabwerera m'mbuyo. Kosungako kasakhale kambiri, kangokhala kokwanira kuti vuto laling'ono lisasanduke ngongole yatsopano. Mukakagwiritsa ntchito yambani mwakabwezeretsa, kenako pitirizani kuwonjezera ku ngongole.

Lendi, chakudya, mankhwala ndi thiransipoti yopitira kuntchito sizilowa mu nkhani yodula. Munthu wosadya bwino amadwala, wosafika kuntchito amachotsedwa, ndipo ngongole imatsala pomwepo.

Chachinayi, ngati ngongole zili zingapo zilembeni zonse papepala limodzi, kwa ndani, yatsala zingati, peresenti yake, ya pamwezi ndi zingati, tsiku lolipira ndi liti. Peresentiyo muiike pa muyezo umodzi chifukwa wina amanena ya pasabata, wina ya pamwezi, wina ya pachaka. 5 peresenti pamwezi ikamaberekerana imafika pafupifupi 80 peresenti pachaka. Kanjira kachidule n'kogawa 72 ndi peresentiyo, yankho lake ndi nthawi yomwe ngongole yosakhudzidwa imatenga kuti ifike kawiri: pa 5 peresenti pamwezi ndi miyezi 14, pa 30 peresenti pamwezi isanathe miyezi itatu 100,000 yadutsa kale 200,000.

Zonse muzilipira ya pamwezi yake osaphonya, koma yowonjezera ipite ku imodzi yokha. Kuimwaza pang'ono apa pang'ono apo simuona chikusintha ndipo mudzagwa ulesi. Nanga iti? Masamu amati yambani ndi yomwe peresenti yake ndi yaikulu, imeneyo ndi imene ikudya kwambiri. Ena amati yambani ndi yaing'ono kuti ithe msanga mulimbe mtima, ndipo si zongokamba, mu 2012 David Gal ndi Blakeley McShane a ku Northwestern University ku America anapeza kuti anthu amene ankatseka maakaunti a ngongole imodzi imodzi ndi amene kawirikawiri ankafika pomaliza zonse. Ine maganizo anga ndi awa: ngati maperesenti ayandikana, yambani ndi yaing'ono. Koma ngati ina ili pa 30 peresenti pamwezi ina pa 3, palibe zokambirana, yodulayo ndi imene ikuwotcha nyumba. Ndipo ngati pali yomwe munaikira chikole chinthu chomwe mumadyera, makina kapena galimoto yogwirira ntchito, imeneyo isaphonyedwe ngakhale kamodzi kaya peresenti yake ndi yochepa bwanji.

Ikatha imodzi, ndalama yomwe mumalipira kumeneko musaizolowere m'thumba, isamutsireni yonse ku yotsatira mwezi womwewo.

Chachisanu, yowonjezerayo ichokera kuti pomwe zinthu zathina kale? Sindikunamizani kuti pali matsenga. Tengani masabata awiri mukulemba chilichonse chomwe chatuluka m'manja, ngakhale tating'ono, musadziweruze ingolembani. Nthawi zambiri pamapezeka zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe zimadontha mwakachetechete, bandulo yogula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku m'malo mogula ya mwezi, ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa kangapo pa sabata, kena kake komwe munalembetsa kalekale kakudulabe mwezi uliwonse inu osakagwiritsa ntchito. Sankhani ziwiri zokha zomwe mungapirire kwa miyezi ingapo. Mukadzimana zonse kamodzi simufika mwezi wachiwiri. Ndipo muike tsiku lothera, munthu amapirira bwino akadziwa kuti zitha liti.

Katundu amene wangokhala m'nyumba osagwira ntchito gulitsani, chifukwa mwaona kale kuti 10,000 yoponya koyambirira imabwera ndi 6,800 yake. Chokhacho, musagulitse chomwe chimakupezerani ndalama. Ndalama yobwera mosayembekezera, bonasi, ovataimu, munthu amene wakubwezerani ngongole yakale, gamulani isanafike kuti gawo lakuti likupita ku ngongole, chifukwa ikangofika m'manja mavuto onse a pakhomo amaimirira pamzere ndipo lililonse limaoneka lachangu. Ngati pali amene muli nawo ngongole kwa inu, ino ndi nthawi yowakumbutsa mwaulemu.

Ndipo ngati muli pabanja auzeni anzanuwo. Ngongole yobisa imavuta kubweza chifukwa winayo sadziwa chifukwa chomwe zinthu zachepera m'nyumba, amangoona ngati mukumumana. Kukambirana kwake n'kowawa tsiku limodzi koma mukatero mumakokera mbali imodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, lipirani tsiku lomwe ndalama yalowa. Osati kumapeto kwa mwezi mukaona zotsala, sipatsala kanthu. Ngongole zambiri za reducing chiwongoladzanja chake chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, nde ngakhale kulipira masiku 10 tsiku lake lisanakwane kumachotsako kena kake mwezi uliwonse. Ngati mumapeza ndalama pasabata kapena patsiku funsani ngati amalola kulipira pang'onopang'ono, pang'onopang'ono ndi mtolo, komanso ndalama yomwe yapita kale simungaidye. Onetsetsani kokha kuti ndalama yodulidwa potumiza isamadye phindu lonselo, ngati kutumiza kulikonse akudulani ndi bwino kuunjika n'kutumiza kawiri pamwezi.

Lisiti lililonse sungani, lijambuleni pa foni. Mukalipira yowonjezera dikirani masiku angapo kenako onani balansi ngati yatsikadi ndi ndalama yomwe munapereka. Ikapanda kutsika pitani nthawi yomweyo ndi lisiti lanu, nkhani ya sabata yatha imakonzeka msanga kuposa ya chaka chatha.

Tikambeko za ngongole za masiku 30, za pa foni ndi za katapila zija, chifukwa izi ndi zoopsa mwa njira ina. Msampha wake ndi kulipira chiwongoladzanja chokha kuti akusunthireni tsiku. Mwatenga 50,000 pa 10 peresenti, mwezi watha mwapereka 5,000 kuti aisunthe, mwezi wina 5,000 ina, ikakwana miyezi 10 mwapereka 50,000 yathunthu koma ngongole ikadali 50,000 yomweyo. Kapena kubweza m'mawa n'kutenganso masana, ndi chimodzimodzi. Ngati simungathe kutulukamo kamodzi tulukani motsetsereka: mwezi uno mwabweza 55,000, tenganinso 40,000 osati 50,000, mwezi wamawa 30,000, kenako 20,000, mpaka zitatha. Apu ikakuuzani kuti malire anu akwera tsopano mutha kutenga zambiri, imeneyo si mphoto, musadine.

Nanga kutenga ngongole ina yotchipa kuti mutseke yodulayo? Zimathandiza, koma werengani zonse osati peresenti yokha. Phatikizani ndalama yotsegulira, inshulansi, chindapusa chotsekera yakaleyo, ndi zonse zomwe mudzalipire mpaka kumapeto, kenako yerekezani ndi zomwe zatsala pa yakale. Kawirikawiri amakukopani ndi ya pamwezi yochepa koma miyezi atawonjezera, 5,000 kwa miyezi 24 ndi 120,000 pomwe 11,283 kwa miyezi 6 ndi 67,695. Imapepuka pamwezi koma mwalipira pafupifupi kawiri. Ndipo musatenge yoposa yomwe mukufuna kutsekera, ka pamwamba kaja ndi kamene kamabwezera anthu m'dzenje. Musasinthenso ngongole yopanda chikole n'kuikapo nyumba kapena malo chifukwa choti peresenti yatsika, mukadzalephera chomwe mudzataye n'chachikulu kwambiri. M'bale akakubwereketsani popanda chiwongoladzanja ndi mwayi waukulu, koma lembani tsiku ndi ndalama yobweza mwezi uliwonse ndipo muzisunge ngati mmene mukanasungira za kubanki, chibale chimatha ndi zimenezi.

Mukaona kuti mwezi uno simukwanitsa ngakhale ya pamwezi, musazimitse foni. Pitani tsiku lisanakwane mukanene chomwe mungathe kupereka ndi tsiku lake. Wobwereketsa amafuna ndalama yake ibwerere, nde ambiri amalola kusuntha tsiku kapena kuchotsa chindapusa kwa munthu wobwera yekha kusiyana ndi amene achita kumusaka. Ngati ngongole inakhalitsa osalipidwa ndipo mwapeza ndalama ina kamodzi, mutha kupempha kuti alandire imeneyo nkhani ithe, ena amavomera. Musapereke kanthu mpaka alembe kuti ndalamayo ikutseka ngongole yonse.

Chomaliza ndi tsiku lotseka, ndipo apa musachite changu. Musawerengere nokha kunyumba n'kutumiza. Apempheni akulembereni ndalama yotsekera ndi tsiku lomwe nambalayo ithere ntchito, chifukwa chiwongoladzanja cha tsiku ndi tsiku chimasintha nambala, mutha kusiya 300 osadziwa n'kudzaipeza chaka chamawa itabereka zindapusa. Lipirani mkati mwa masikuwo, kenako tengani kalata yonena kuti ngongole yatha ndipo balansi ndi 0. Chikole chanu chibwerere tsiku lomwelo kapena akuuzeni tsiku lenileni, mapepala a galimoto, a malo, chilichonse chomwe munasiya. Ngati panali munthu amene anakusainirani ngati mboni yodzalipira inu mukalephera, mpatseni kope ya kalatayo naye mtima ukhale pansi. Ngati munalipiriratu inshulansi ya ngongole ya nthawi yonse funsani ngati amabweza ya miyezi yotsala, ena amabweza koma mpaka mwini afunse. Kumene kuli mabungwe osunga mbiri ya okongola, patapita mwezi umodzi kapena iwiri kaonetsetseni kuti alemba kuti munamaliza.

Ngati amadula okha ku akaunti kapena ku malipiro a kuntchito, lembani kalata yoimitsa ku banki kapena ku ofesi yolipira anthu, mupereke limodzi ndi kope ya kalata yotsekera ija. Mwezi wotsatira onani pepala la malipiro kapena sitetimenti mzere ndi mzere, chifukwa kudula kumatha kupitirira mwezi umodzi kapena iwiri ngongole itatha, ndipo ikadulidwa pitani ndi kalatayo sabata yomweyo mukaitanitse.